Editor ya mapu ya Battle for Wesnoth: ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5

Ndatha miyezi itatu ndikupanga mapu anga mu gemuyi, yomwe ndi ya nkhondo ya pakompyuta yosewera mosinthana maulendo. Ndi yaulere, anaiyambitsa David White mu 2003, ndipo editor, chida chojambulira mapu, imabwera momwemo. Bandulo imapita kamodzi kokha podawuniloda, basi, ngakhale netiweki isowe umangojambula. Laputopu yanga ndi nkhalamba koma sinatsokomolepo.

Bwalo lake ndi timabokosi tangodya 6, ngati zisa za njuchi. Umasankha udzu, nkhalango, phiri kapena madzi, n'kumapaka ndi mausi ngati ukupenta khoma. Ukaika madzi pafupi ndi mchenga, gombe limadzisoka lokha. Mphindi zochepa, dziko laoneka kale.

Pomwe ndinaphunzira ndi pa mapu anga oyamba. Ndinawakonda zedi: mtsinje pakati, mlatho umodzi, nkhalango yowirira kumpoto, udzu wokhawokha kummwera. Loweruka lina tinasewera ndi alamu anga pa laputopu yomweyo, kumapatsirana. Mwa mitundu ya asilikali a mu gemuyi, iwo anatenga ma elf kumpoto, ine ma orc kummwera. Anandikwapula kodetsa nkhawa. Elf woponya mivi akabisala m'nkhalango, mwayi woti umuphonye ndi 70 peresenti, pomwe anyamata anga pa udzu anali ndi 40 yokha, komanso ankawoloka mlatho mmodzimmodzi ngati mbuzi zolowa m'khola. Titawerenga midzi, iwo 9, ine 7. Mudzi uliwonse umabweretsa golide 2 pa ulendo uliwonse wosewera, umachizanso wovulala ndi mapointi 8 a moyo. Alamu anangoti, "Dzenjeli mwakumba nokha, alamu."

Editor imakulola kujambula chilichonse, koma sikuuza kuti mbali ina wainenepetsa. Zimenezo umazidziwa utagonja.

China chimene ndinachizindikira mochedwa ndi nthawi. Tsiku la mu gemuyi limazungulira maulendo 6, ndipo ma orc amamenya moonjezera 25 peresenti usiku, masana mphamvu n'kutsika chimodzimodzi. Choncho mtunda wa pakati pa malinga awiri pomwe magulu amayambira ndiwo umasankha ngati magulu akumane dzuwa lili pamutu kapena kutada. Nditasuntha linga langa ndi timabokosi titatu tokha, nkhondo yonse inasintha nkhope.

Nyenyezi yachisanu ndaimana chifukwa cha nkhani. Ukafuna kuti anthu azilankhula, kapena adani atulukire pa ulendo wa 8, mausi sathandizanso. Umatsegula fayilo n'kulemba WML, chilankhulo cha malamulo a gemuyi, pamanja, ndipo ukaiwala kutseka [/event] imodzi, madzulo onse amathera pofufuza. Kwa ine amene ndinangobwera kudzajambula, phirili ndi lalitali. Komabe fayilo ya mapu enieniwo ndi malemba wamba, Gg ndi udzu, Ww madzi osaya, Mm phiri, moti imadutsa pa WhatsApp osamva kuti bandulo yadyeka.

Kwa oyamba kumene: yambani ndi mapu aang'ono, werengani midzi musanakongoletse chilichonse, ndipo sewerani kawiri, mosinthana mbali. Kusewera ndi kompyuta yokha kumanamiza, chifukwa iyo imangothamangira kutsogolo, sibisala m'nkhalango kudikira m'mawa ngati alamu anga.

Mapu aja pano ndawakonza kasanu. Midzi ili 8 mbali iliyonse, nkhalango ndaidulako, ndaikanso mlatho wachiwiri kum'mawa. Alamu akuti mlathowo ndauika dala pafupi ndi linga langa, ndiye Loweruka likubwerali kummwera akukhala iwowo.