Biochar, makala a mafupa kapena fyuluta yogula: chochotsa mtovu m'madzi ndi chiti?

Kwa inu amene mumatunga pachitsime choyandikana ndi mgodi, monga ku Kabwe m'dziko la Zambia komwe mgodi wa mtovu udatsekedwa mu 1994 koma dothi likadali ndi poizoni, tiyambe tachotsa zosathandiza. Kuwiritsa kumapha tizilombo, koma mtovu umatsala mumphika, ndipo madzi akamaphwera umangokhathamira. WaterGuard naye sagwira zitsulo. Njere za chammwamba zimagwetsa matope pansi, madzi n'kuyera mbee, koma kuyera si umboni. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mtovu usapitirire ma microgram 10 pa lita imodzi, mlingo womwe diso kapena lilime silingauzindikire.

Biochar ndi makala a zotsalira zakumunda: zitsononkho, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga. Mumaziwotcha mosalola mpweya wambiri, pa madigiri pakati pa 300 ndi 700, m'mgolo wovundikira kapena m'dzenje. Chitsononkho chopsa bwino chimapepuka, chimathetheka pochithyola, ndipo mkati mwake mumakhala timibowo tosawerengeka. Mtovu, kopa ndi cadmium (chitsulo china chapoizoni) zimamatirira m'timibowomo, pomwe phulusa lake limachepetsa asidi wa m'madzi, zitsulo zina n'kugwa pansi. Moto ndiye umavuta. Wochepa umasiya makala ogwira zitsulo bwino koma a mibowo yochepa, ndiponso otha kununkhitsa madzi utsi. Wambiri umatsegula mibowo. Pakhomo palibe woyeza kutentha, ndiye migolo iwiri yowotchedwa tsiku limodzi sigwira ntchito mofanana. Ubwino wake ndi mtengo basi, poti zitsononkho tikakolola zimangotayika. Namasupuni amayesedwanso, koma ine sindingamuike m'madzi akumwa: chomerachi chimayamwa zitsulo kumtsinje komwe chidamera.

Makala a mafupa a ng'ombe amaposa biochar pa mtovu. Muli phosphate, mchere wopezeka m'mafupa, yemwe akakumana ndi mtovu amapanga mchere wosasungunuka, kotero chagwidwa chagwidwa. Ku Nakuru m'dziko la Kenya akhala akuwagwiritsa ntchito pochotsa fluoride, mchere womwe ukachuluka m'madzi umawononga mano, vuto lomwe midzi ina ya kwathu ilinalo. Koma mafupa osapsa bwino amanunkhitsa madzi moti ana sangamwe, ndipo ena chipembedzo chawo sichilola mafupa osadziwika nyama yake.

Activated carbon wa m'mafyuluta ogula ndi makala ngati biochar, kungoti adawawonjezera mibowo ndi nthunzi kapena mankhwala. Gramu imodzi imatha kukhala ndi malo oposa masikweya mita 500 m'timibowo take. Pa fungo ndi klorini ndi katswiri. Pa zitsulo si aliyense, choncho werengani pabokosi ngati adamuyesadi pa mtovu. Makina a reverse osmosis, omwe amakankha madzi kudutsa m'sefa ya timibowo tosaoneka ndi maso, ndiwo amachotsa pafupifupi zonse, koma amafuna madzi obwera mwamphamvu kapena magetsi, amataya madzi ambiri, komanso zosinthira zake n'zodula.

Arsenic, poizoni wina wopezeka m'madzi a pansi pa nthaka, ndi nkhani ina. M'madzi sakopeka ndi makala wamba, ndiye biochar amangomulola kudutsa pokhapokha mutasakaniza biochar-yo ndi chitsulo cha ayironi. Fyuluta ya SONO ya ku Bangladesh, yomwe Abul Hussam adapambana nayo mphotho ya Grainger mu 2007, imadalira chitsulo chimenechi.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa biochar n'choti akadzaza sanena. Madzi amatulukabe oyera, mtovu ukudutsa. Fyuluta yogula imabwera ndi malita oti musinthire. Ya pakhomo ilibe. N'chifukwa chake ndimamuona woyenera pa madzi othirira kudimba, kapena ngati gawo loyamba m'ndowa ya mchenga. Pa madzi akumwa a ana ndi amayi oyembekezera, kayezetseni ku labotale musanasefe ndi mutasefa, ndipo ngati chitsime china chabwino chilipo, ngakhale chakutali, katungeni komweko. Makala otha ntchito musawathire kumunda ngati manyowa kapena kuwasonkhezera pa mbaula, chifukwa mtovu wonse womwe adagwira udzalowa m'masamba ndi m'phulusa.