Matailosi, mapanelo a PVC kapena penti: chimene chimapirira m'bafa la shawa

Anzanga amene akumanga nyumba akhala akundifunsa chimene angaike pa makoma a bafa la shawa, ndipo ambiri amafunsa atasankha kale matailosi chifukwa amakhulupirira kuti khoma la matailosi silingalowe madzi. Chikhulupiriro chimenechi ndi chimene chimawonongetsa anthu ndalama.

Pamwamba pa tailosi sipadutsa madzi, koma simenti imene amamata m'mipata ya pakati pa matailosi imamwa madzi pang'onopang'ono, ndipo madziwo amakafika pa khoma la kumbuyo. Pofuna kupewa zimenezi, khomalo liyenera kupakidwa kaye mankhwala otchinga madzi, makamaka m'makona ndi pamene mapaipi atulukira, matailosi asanamatidwe. Ntchito imeneyi ili ndi mtengo wakewake, ndipo sioneka ikatha, choncho mmisiri amene akufuna kuti mtengo wake uoneke wotsika amangoidumpha. Amene anandimatira matailosi ine sanaitchule n'komwe. Anamata pa bolodi ya gypsum (bolodi ya ufa woyera wonga choko wokutidwa ndi pepala), imene imafewa ikanyowa, moti matailosi a m'munsi anayamba kugwedera, penti ya chipinda cha kuseri inatupa, ndipo kukonza kwake kunafuna kugumula khoma lonse la shawa. Zimenezi zimandiwawabe, chifukwa ndinalipira kawiri ntchito imodzi. Ngakhale bolodi ya gypsum yobiriwira, yopangidwira malo a chinyezi, imangopirira chinyezi, koma siyenera kukhala pamene madzi akugwera tsiku ndi tsiku. Pamenepo pamafunika bolodi ya simenti kapena khoma la njerwa lopakidwa pulasitala.

Mapanelo a PVC, amene ndi a pulasitiki, amalumikizana polowetsana m'mphepete, alibe mipata ya simenti yoti ide ndi nkhungu, ndipo angamatidwe pamwamba pa matailosi akale ngati khomalo lili louma ndiponso lolimba. Kufooka kwawo kuli pa silikoni (phala lomatira mipata kuti madzi asalowe) ya m'makona ndi ya m'munsi, imene imafunika kusinthidwa ikayamba kumatuka, komanso mapanelo otsika mtengo amabooka akagundidwa. Penti ndi yabwino pa siling'i ndi makoma otalikirana ndi shawa basi.

Komabe palibe mwa zitatuzi chimene chimathetsa madontho a madzi amene amadzaza pa makoma munthu akasamba. Mpweya wotentha madigiri 30 ungasunge madzi okwana pafupifupi magalamu 30 pa kiyubiki mita imodzi, pamene wa madigiri 10 umasunga pafupifupi magalamu 9 okha, choncho nthunzi ikakhudza khoma lozizira, madzi otsalawo amatsalira pomwepo. Matailosi amazizira kuposa PVC, n'chifukwa chake amachita thukuta msanga, koma nthunziyo ikasowa kotulukira imangosamukira pa siling'i ndi pa galasi la zenera. Chofunika ndi fani yotulutsa mpweya wosachepera malita 15 pa sekondi, yosiyidwa ikuzungulira kwa mphindi 15 kapena 20 munthu atatuluka, ndiponso kampata kunsi kwa chitseko kolowetsa mpweya wina. Paipi ya faniyo ituluke kunja kwenikweni, chifukwa ikathera m'denga imakanyowetsa matabwa kumene simungaone.

Amene ali ndi ndalama zokwanira mankhwala otchinga madzi, mmisiri wokhulupirika ndi fani, asankhe matailosi, pakuti amakhalitsa kuposa zonse. Amene ndalama zikuwaperewera ndimawauza kuti agule mapanelo a PVC okhuthala pamodzi ndi fani, ndipo ine m'bafa langa ndi zimene ndinaika.