Trent Williams kapena Penei Sewell: ndalama zipite kwa ndani?

Onse awiri ndi ma tackle mu NFL, ligi ya American football ya ku United States: osewera otchinjiriza quarterback (woponya mpira wa timu) komanso kutsegulira njira wothamanga ndi mpira.

Msinkhu: Williams wa San Francisco 49ers adabadwa mu 1988, Sewell wa Detroit Lions mu 2000.

Mtengo: Williams adasainira madola 138 miliyoni a zaka 6 mu 2021, Sewell madola 112 miliyoni a zaka 4 mu 2024.

Pabwalo: Williams amaima kumanzere, kumene quarterback woponya ndi dzanja lamanja saonako, ndipo luso lake la mapazi ndi manja ndi losowa. Koma thupi layamba kutopa. Mu 2024 akakolo adamukhazika panja masewero angapo. Sewell wakhala akusewera kumanja, ndipo sajombajomba.

Timu yofuna kupambana Super Bowl (fainolo ya NFL) msanga ingadalire Williams. Yomanga za mtsogolo, ine ndikuti itenge Sewell.