Kanyumba ka alendo ku Juliasdale, pafupi ndi Nyanga

Abale anga a kuno ku Harare amene mwatopa ndi mahutala a makombi ndi jenereta ya aneba, ndikuuzeniko komwe ine ndi bambo a kunyumba tinakagona wikendi yathayi. Ndi kanyumba kogona alendo kopatsa ndi bulekifasi yomwe, zipinda 4 basi, kali ku Juliasdale kufupi ndi Nyanga National Park. Tinanyamuka ku Mufakose mmamawa, kudutsa Marondera, pa Rusape n'kukhotera kumanzere, maola ngati 4 tafika.

Chimene chinandigwira mtima ndi bata. Usiku kuli zii, mphepo yokha ikuwomba mmitengo ya paini, moti poyamba tulo sitinabwere chifukwa makutu anazolowera phokoso, koma nditangoti ndagona ndinadzadzidzimuka 7 koloko mayi mwini nyumba akugogoda kuti tiyi wapsa. Mayi amenewa ndi munthu ndithu. Kumazizira kumeneko, kuzizira kwake kwa ku Dedza mwezi wa June, ndiye madzulo anatisonkhera moto pabalaza ndipo polowa kuchipinda tinapeza atiikira botolo la madzi otentha mkati mwa bulangete osawapempha n'komwe. Ine zimenezi anandichitirapo ndi agogo anga okha.

Bulekifasi yake phala la oti, mazira, soseji, buledi wophika okha akadali wofunda ndi jamu wa zipatso za pakhomo pomwepo. Chamadzulo saphika pokhapokha muwauziretu masana, ife tinawauza ndipo anatikazingira trout, nsomba ya mmadamu ozizira a komweko, minga yake yofewa, osati chambo ayi koma ndinatsala pang'ono kunyambita mbale.

Loweruka tinalowa mu paki, pageti mumalipira padera musaiwale. Phiri la Nyangani, lalitali kuposa onse mu Zimbabwe muno, mamita 2,592, tinangoliona chapatali, chifunga chimatsika mwadzidzidzi ndipo mayi aja anatichenjeza kuti anthu anasowapo kumeneko, musakwere opanda wokutsogolerani. Bambo anangoti ee ngati Sapitwa wa ku Mulanje eti, tinabwerera n'kupita ku Mutarazi Falls, madzi akugwa kuphompho mpaka miyendo kunjenjemera.

Zodandaula zilipo. Kamsewu kolowera pakhomo ndi kafumbi kamiyala, kagalimoto kathu kotsika kanagunda pansi kawiri, ndipo Lamulungu mmawa magetsi atathima giza inazizira, madzi osamba anachita kutiphitsira pa gasi n'kubweretsa mu ndowa, anapepesa kangapo koma kuzizira kumene kuja sola ikufunika basi. Netiweki nayo mpaka ukaime pafupi ndi geti ndiye WhatsApp ilowe, ana kunyumba muwauziretu asade nkhawa.

Tengani juzi yokhuthala ndi madola a mmanja, pobwerera mumsewu amagulitsa mbatatesi ndi maapozi, ife tinadzaza buti. Tasungitsa kale chipinda cha December, ulendo uno tikutenga apongozi.