Inshuwalansi ya matanthwe a korali ku Quintana Roo: ndi yothandiza, koma ili ndi malire

Inshuwalansi imene boma la chigawo cha Quintana Roo ku Mexico linagula mu 2019 siteteza nyumba kapena galimoto, koma matanthwe a korali amene ali pansi pa nyanja kufupi ndi gombe la Cancún ndi Puerto Morelos. Matanthwewa amapangidwa ndi tizamoyo ting'onoting'ono, ndipo mafunde akamabwera amayamba aswekera pamenepo asanafike kumtunda. Kafukufuku wa mu 2014 anapeza kuti matanthwe otere amachepetsa mphamvu ya mafunde ndi pafupifupi 97 peresenti, choncho akagumuka, madzi a namondwe amafika mosavuta m'mahotela ndi m'nyumba za asodzi.

Bungwe loteteza zachilengedwe la The Nature Conservancy ndi kampani ya inshuwalansi ya Swiss Re ndi amene anathandiza kukonza ndondomekoyi. Chimene ndimaiyamikira kwambiri ndi chakuti sadikira kuti munthu akayendere malo ndi kuwerengera zowonongeka. Pa mgwirizano wa 2019, mphepo ikangofika pa liwiro la makilomita pafupifupi 185 pa ola m'dera limene anagwirizana, ndalama zinkayenera kutuluka, ndipo zinkakwera malinga ndi kukula kwa mphepoyo. Kufulumira kumeneku n'kofunika chifukwa nthambi ya korali ikathyoka n'kugwera pamchenga imafa pakangopita milungu yochepa, pokhapokha wina aitole n'kuimatanso pathanthwe.

Ndondomekoyi inayesedwa pa 7 Okutobala 2020, pamene namondwe wa Delta anawomba pafupi ndi Puerto Morelos, ndipo panatuluka ndalama zokwana pafupifupi madola 800,000 a ku America. Magulu a anthu a m'deralo amene anaphunzitsidwa kale, ena mwa iwo asodzi ndi operekeza alendo panyanja, analowa m'madzi n'kuyamba kudzutsa makorali ogubuduzika ndi kumata zidutswa ndi simenti. Komabe ndalamazo zinachedwa kudutsa m'maofesi a boma, moti ntchito ya masiku oyambirira, amene ndi ofunika koposa, inayenda ndi thandizo lochokera kwina. Kwa ine apa ndi pamene panaonekera kuti mphamvu yeniyeni ya ndondomekoyi ili mwa anthu osambira aja, osati papepala la mgwirizano.

Vuto lina ndi lakuti mphepo yocheperako pang'ono pa mlingo uja ingathe kuwononga kwambiri koma osatulutsa ndalama iliyonse. Amalawi sangadabwe nazo, poti mu 2016 inshuwalansi ya chilala ya African Risk Capacity poyamba inaonetsa kuti dziko silikuyenera kulandira kanthu, ndipo madola 8.1 miliyoni anavomerezedwa atabwerezanso kuwerengera. Kuwonjezera apo, inshuwalansi ya ku Mexico siikhudza kutentha kwa madzi kumene kumachititsa makorali kutuwa n'kuyamba kufa, kapena matenda amene anayamba kuwapha m'derali mu 2018.

Ngakhale zili choncho, ena atengerapo. Bungwe la MAR Fund, limene limapereka ndalama zotetezera matanthwe a korali a m'nyanja ya kumeneko, linakonza inshuwalansi yofanana ya matanthwe a ku Belize, Guatemala ndi Honduras, ndipo namondwe wa Lisa atawomba mu 2022 ndalama zinatuluka zokonzera matanthwe a Turneffe ku Belize. Dera la m'mphepete mwa nyanja limene likufuna kuigula ndingalilangize kuti liyambe laphunzitsa osambira, kupeza maboti ndi kugwirizana za amene adzasaine ndalama zikadzafika.