Laputopu yojambulira mapulani ija, patatha chaka ndi miyezi iwiri

Mlamu wanga anandiimbira Lachiwiri kufunsa ngati angamugulire mwana wake laputopu ngati yangayi, mwanayo wayamba za zomangamanga ku Harare Polytechnic. Tsoka lake anaimba ndikungotuluka kumene kwa okonza makompyuta komwe ndinasiyako madola 35 osinthitsira fani, ndiye ndinamuyankha kuti alamu musayerekeze, kuli bwino mumugulire bolodi ndi pensulo. Pano mtima watsika, ndifotokoze bwinobwino.

Ndinaigula ya sekondi handi mu tauni, m'kashopu kena kam'mwamba kamene munthu umalowa cham'mbali chifukwa cha kuchepa, madola 420. Core i7, RAM 16GB, SSD 512GB, graphics card (khadi yoyendetsa zithunzi pa sikirini) yakeyake ya 4GB, sikirini 1920x1080. Ntchito yanga ndi kujambula mapulani mu pulogalamu ya AutoCAD, ma cottage akuseri kwa nyumba, ma durawall (mipanda ya konkire), kuwonjezera zipinda, makasitomala ambiri ndi a ku Highfield, Mufakose ndi Budiriro. Imayaka mwachangu, kiyibodi palibe batani lomwe lafa, mafayilo akuluakulu imatsegula osadandaula, mahinji ali gwa. Batire limakoka maola awiri magetsi akazima, si zambiri koma umamalizako kena kake. Apo ndilibe mlandu nayo.

Chimene chinandisowetsa mtendere miyezi isanu yoyamba ndi mizere. Mzere woongoka wopita m'mbali kapena woimirira unkaoneka bwinobwino, koma ukangopendeka pang'ono basi, mano okhaokha ngati sowo. Denga ndiye linkachita kunyanya chifukwa mizere yake yambiri ndi yopendekera. Tsiku lina mayi ena akutchalitchi kwathu anabwera kudzaona pulani ya cottage yawo, ndawakhazika pampando ndikuwaonetsa monyadira, iwo ayang'ana ayang'ana kenako akuti, "Bambo, denga limeneli mwaliika masitepe bwanji, malata ake agona bwanji pamenepa?" Ine kufotokoza kuti mayi ndi sikirini chabe, iwo nkhope ikuonetseratu kuti akuganiza zoti mwina ndalama zawo apereka kwa munthu wophunzira kumene. Ndinachita kukwera kombi kukapulinta pa A3 tsiku lomwelo, pepala linatuluka mizere yosalala ngati yojambula ndi rula, mpamene anakhulupirira. Inenso mpamene ndinadziwa kuti pulaniyo ilibe vuto, vuto lili pa kaonetsedwe.

Nkhani yake ndi yakuti sikirini ndi timabokosi ting'onoting'ono tondandalikana, 1920 m'mbali 1080 chotsika. Mzere wopendeka sungadutse pakati pa kabokosi, umayatsa kabokosi konse kapena kukasiya, ndiye umayenda modumpha, nchifukwa chake umaoneka masitepe. Mankhwala ake amati anti-aliasing, kompyuta imapaka timabokosi tam'mphepete mwa mzere mtundu wofowoka pang'ono mpaka diso limanamizika kuti mzerewo ndi wosalala. Pepala lopulinta lilibe nazo ntchito zimenezi chifukwa PDF mzere imausunga ngati mzere, kuchokera apa kufika apo, komanso timadontho ta pulinta ndi tating'ono kwambiri kuposa ta sikirini. Zonsezi ndikuzidziwa pano. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti maso akuwawa ikamakwana 10 koloko usiku.

Ndinabwerera kwa wogulitsa uja laputopu ili m'manja. Mkuluyo ndi wokoma pakamwa, bwana apa bwana apo, anayang'ana kamphindi kochepa nkunena kuti masikirini a laputopu ndi mmene alili, anthu a mapulani onse amagwiritsa monita. Ndipo mwamwayi eti anali nayo imodzi ya mainchesi 24 pansi pa tebulo. Madola 70, kuphatikizapo chingwe cha VGA ndi ka adaputa kolendewera. Ndinanyamula pa kombi nditaikumbatira ngati mwana. Kufika kunyumba kulumikiza, masitepe aja akula, pano akuoneka ngakhale uli pakhomo, kuwonjezera apo zilembo za ma dimension zachita chimbuuzi. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni, ndinamuimbira katatu foni osayankha, kachinayi akuti ali ku Musina ku South Africa kukatenga katundu.

Anandipulumutsa ndi mnyamata wina, mdzukulu wa a mdala ena amene timapemphera nawo, wa masewera apakompyuta osati wa mapulani nkomwe. Anangotsegula Device Manager, pomwe Windows imaonetsa zida zonse za mu kompyuta, nkuyamba kuseka. Graphics card ya 4GB ija, imene inakweza mtengo wa laputopu yonse, inali ndi kachizindikiro kachikasu, driver yake, kapulogalamu koyendetsa khadiyo, panalibe. Wogulitsa uja atapukuta makina nkuikamo Windows yatsopano sanavutike nkuika driver, ndiye miyezi yonseyi ndinkayendera ka graphics kam'kati mwa processor, khadi yeniyeniyo ili mtulo. Pena ndisamunamizire zonse mkuluyo, inenso ma update ndinawatseka tsiku loyamba poopa kutha kwa data, mwina ikanadzitengera yokha.

Tinapita pomwe pali Wi-Fi kukatsitsa driver, kenako mu Settings, Display, Graphics mnyamatayo anasankha acad.exe, yomwe ndi AutoCAD yo, nkuiika pa High performance kuti izigwiritsa khadi yaikuluyo. Mu AutoCAD momwemo analemba GRAPHICSCONFIG, pakatuluka kawindo, Hardware Acceleration inali yozimitsa, anayatsa, nkuchonganso pa Smooth line display. Chinthu chomwechi ukhoza kuchipeza polemba LINESMOOTHING nkuika 1, chimagwira pa 2D Wireframe pomwe ine ndimakhalira tsiku lonse. Monita ija nayo inali ikuyenda pa 1366x768 pomwe yake yeniyeni ndi 1920x1080, ndiye chithunzi chinkachita kukokedwa ngati legeni, ndiwo unali chimbuuzi uja. Tinataya VGA nkugula chingwe cha HDMI cha madola 5. Zonsezi sizinakwane ola limodzi kupatula kudikira driver. Nditatsegulanso pulani ya mayi aja denga lili see, ndinangokhala chete kaye, miyezi isanu aise. Mnyamatayo anakana ndalama, ndinamugulira nkhuku ndi tchipisi.

Katsala kavuto kamodzi kamene kamabwerabe ndipo poyamba ndinkaganiza kuti matenda aja abwerera. Ma circle, monga thanki ya madzi kapena manhole, nthawi zina ukapanga zoom amaoneka a makona ngati nati ya bawuti. Ameneyu ndi wina, sakhudzana ndi khadi. AutoCAD imajambula circle pa sikirini ndi timizere tifupitifupi, kuchuluka kwake kumayendera VIEWRES, imene imalola kuyambira 1 mpaka 20000. Ukalemba REGEN imajambulanso zonse ndipo nthawi zambiri zimatheratu pompo, zikakanika kweza VIEWRES ifike 1000 kapena kuposa. Chotopetsa nchakuti nambalayi imasungidwa mu drawing momwemo osati mu kompyuta, ndiye pali bambo ena achikulire amene amanditumizira mafayilo awo akalekale VIEWRES ili pa 100, fayilo iliyonse ndiyambirenso. Ndinawauza kawiri, amangoti chabwino mwanangu, fayilo yotsatira chimodzimodzi.

Ndiye za fani zija. Khadi itadzuka makina anayamba kutentha kuposa kale, mwezi wa October ndiye usanene, umachita kuiika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa pansi. Fani inayamba kulira ngati chigayo mwezi wathawu mpaka inaima. Wokonza atatsegula anapeza fumbi lambiri lomatirira komanso thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa processor) youma gwaa, akuti sinasinthidwepo chiigulireni mwini wake woyamba, pomwe ine ndinauzidwa kuti yapangidwa service yonse. Waranti inali ya pakamwa ya miyezi itatu, pa lisiti anangolemba laptop ndi mtengo basi.

Ndikawerengera, 420 kuphatikiza 70 ya monita imene sindinkaifuna, 5 ya chingwe, 35 ya fani, yafika 530, osawerengera makombi ndi kupulinta kosafunikira. Tsiku lomwe ndatumiza pulani kasitomala nkulipira ndimaiona ngati yotchipa, ndalama yake inabweza kalekale, ndipo monita ija pano ndaizolowera moti sindingabwererenso pa kasikirini kakang'ono, ngakhale zimandiwawa kuvomereza. Tsiku ngati Lachiwiri lija ndimaona kuti ndinaberedwa masana dzuwa likuswa mtengo.

Alamu ndawaimbiranso dzulo. Ndawauza kuti makina amtundu umenewu mwana amugulire, asatsike pa 1920x1080 ndipo RAM 16GB, koma asanatulutse ndalama atsegule Device Manager pa kauntala pomwepo aone ngati makhadi onse awiri akuoneka popanda chachikasu, aimve fani ikamazungulira, waranti ilembedwe pa lisiti. Anafunsa ngati ndingawaperekeze kwa mkulu yemwe uja poti ndimadziwana naye. Ndawauza kuti tipita kwina, koma tidzadutsirako kaye, chikwama cha laputopu chimene anandilonjeza tsiku logula mpaka lero akuti chikubwera ndi katundu wa sabata yamawa.