Kukagona ku Chambe: magaidi, onyamula katundu ndi nyumba za m'phiri la Mulanje

Kwa munthu wofuna kukwera phiri, kugona usiku umodzi pamwamba, n'kutsika podzera njira ina, m'Malawi muno mulibe malo ena amene zinthu zinakonzedwa kale ngati ku Mulanje. Ku Likhubula kuli ofesi ya Dipatimenti ya Zankhalango, kuli magaidi ndi onyamula katundu, ndipo pamwamba pali nyumba zogona zokhala ndi alonda. Ntchito yawo ndi yabwino, koma amene amanyamuka akuganiza kuti akukalowa mu loji amabwerako atakwinya nkhope. Ndalama zanu zimagula denga, nkhuni, madzi ndi anthu odziwa njira. Chofunda, chakudya, nyale ndi mankhwala zimachokera kwanu.

Ulendo umene ukukwana bwino usiku umodzi ndi wochoka ku Likhubula, kukagona ku nyumba ya m'phiri ya Chambe Hut, n'kubwereranso ku Likhubula. Kufika ku Likhubulako n'kosavuta. Mukachoka ku Blantyre pa minibasi mumatsikira pa Chitakale, kenako mumalowera msewu wa ku Phalombe pafupifupi makilomita 10. Zogula zonse zitheretu pa Chitakale kapena pa boma, chifukwa mukangodutsa pa ofesi palibenso golosale.

Njira zopita ku Chambe zilipo ziwiri, ndipo n'zimene zimapangitsa kuti musabwerere m'mapazi mwanu momwe. Skyline ndi yaifupi koma yoimirira, ndipo dzina lake linachokera ku chingwe chimene kale chinkatsitsa matabwa kuchokera pamwamba. Chapaluka ndi yotalikirapo, imatsata mtsinje, ili ndi mthunzi wambiri, ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Njira iliyonse mungatenge, mukukwera pafupifupi mamita 1,000. Munthu wozolowera amatenga maola atatu kapena anayi. Wosazolowera, amene wasenzanso chikwama chake, awerengere maola asanu.

Anthu amasiyana maganizo pa njira yoyambira. Chanzeru n'kukwera Skyline m'mawa dzuwa lisanakwiye, n'kudzatsika Chapaluka mawa lake. Chikweza chimapweteka mtima ndi mapapo, koma mukapuma zimatha. Chitsikira choimirira chimapweteka maondo, ndipo maondo akayamba kunjenjemera pa thanthwe lonyowa ndi pamene anthu amagwa. Kutsika Chapaluka kulinso ndi ubwino woti mumafika pa dziwe mutatuluka thukuta, ulendo utatsala pafupifupi ola limodzi. Koma madzi apo ndi akuya ndiponso ozizira kwambiri, ndipo miyala ya m'mbali ili ndi ndere. Wosadziwa kusambira angoviika miyendo. Ngati usiku kwagwa mvula yamphamvu, mverani gaidi akanena kuti mubwerere Skyline, chifukwa timitsinje todumpha ndi phazi limodzi timadzaza m'kanthawi kochepa.

Nyamukani pa ofesi isanakwane 8 koloko m'mawa. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 5:30, ndipo m'chigwa cha Chambe mdima ndi kuzizira zimafika msanga chifukwa nsonga zozungulira zimatchinga dzuwa. Amene amayamba kukwera atadya nkhomaliro ndi amene amafika pa nyumba ndi tochi, zovala zitanyowa ndi thukuta lozizira.

Mbali yabwino kwambiri ya ntchito yonseyi ndi magaidi. Ambiri ndi ana a m'midzi ya m'munsi mwa phirili, anakula akulikwera, ndipo amagwira ntchito mosinthana potsata mndandanda. N'chifukwa chake ndi bwino kupeza gaidi pa ofesi kapena kudzera ku InfoMulanje, ofesi yothandiza alendo pa Chitakale, kusiyana ndi kugwirizana ndi aliyense amene wakuthamangirani mukutsika minibasi. Wopezeka pa ofesi amadziwika, dzina lake limalembedwa pamodzi ndi lanu, ndipo mukachedwa kutsika pali amene akudziwa koyambira kukufunani. Kunja kukawala, njira ya ku Chambe imaoneka ngati yosasowa, moti ena amaona ngati kulipira gaidi n'kutaya ndalama. Chiperoni chikabwera, nkhungu imatseka moti munthu amene ali mamita 10 patsogolo panu simumuona, ndipo pamwamba pali tinjira tambiri ta odula mitengo ndi otola nkhuni tofanana ndendende ndi njira yeniyeni. Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anamwalira ndi kuzizira atapitirira yekha kulowera ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya mamita 3,002. Ku Chambe si ku Sapitwa, koma nkhungu yake ndi yomweyo.

Pamene pamavuta ndi pa mgwirizano, ndipo vutoli nthawi zambiri limayamba chifukwa mbali zonse ziwiri zimachita manyazi kukamba za ndalama. Mitengo imasintha, choncho pemphani kuona mtengo umene ulipo tsiku limenelo, ndipo polipira zolowera m'nkhalango ndi zogonera tengani lisiti. Musananyamule chikwama funsani zinthu izi poyera: ulendo wa usiku umodzi akuuwerenga masiku angati? Kawirikawiri ndi awiri, tsiku lokwera ndi lotsika. Nanga chakudya cha gaidi ndi wonyamula katundu chili kwa yani? Mukawapatsa gawo la ndalama poyamba, amagula ufa ndi ndiwo zawo asanakwere, zotsala n'kudzalandira mutatsika. Kukwera Chambe Peak kuli m'mtengo womwewo kapena ayi? Mukasiya mafunso awa m'munsi, amakakupezani pamoto usiku, ndipo pamenepo sakoma kuyankha. Tengani ndalama zapamanja, zing'onozing'ono. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza m'munsi, koma pamwamba netiweki imagwira pena ndi pena, ndipo mlonda sakhala ndi chenji.

Wonyamula katundu mmodzi sayenera kusenza zopitirira makilogalamu 18. Anthu awiri oyenda usiku umodzi angathe kukwanira ndi mmodzi ngati apakira mwanzeru: zofunda, chakudya ndi mapoto kwa iye, ndipo aliyense wa inu asenze kachikwama ka makilogalamu 5 kapena 6 kokhala ndi madzi, jekete, tochi ndi zotafuna. Jekete lisapite m'katundu wamkulu. Onyamula katundu amayenda mwachangu, ndipo mvula ikakupezani iwo angakhale atafika kale pa nyumba. Muwapatse chikwama chenicheni chokhala ndi malamba, osati sutikesi kapena zijumbo zisanu zomangirira ndi chingwe. M'njira mudzakumana ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni ndi abambo osenza matabwa aatali pamutu, ena opanda nsapato, akutsika mothamanga. Apatukireni msanga, muime mbali ya kuphiri, chifukwa munthu wosenza thabwa sangaime mwadzidzidzi.

Nyumba ya ku Chambe ili pamalo okwera pafupifupi mamita 1,900, ndipo mukakhala pakhonde thanthwe la Chambe Peak, la mamita 2,557, limakhala pamaso panu penipeni. Nyumbayo ndi yosavuta kufotokoza: denga, zipinda zochepa, malo osonkhapo moto, tebulo, ndi chimbudzi chokumba panja. Magetsi kulibe. Mlonda amatunga madzi, amabweretsa nkhuni, amakoleza moto, ndipo mukamupempha bwino amakutenthetserani madzi osamba m'ndowa. Kumuthokoza ndi kangachepe pochoka ndi mwambo woyenera kusunga. Ziwiya ndi zofunda zina zimakhala m'sitolo yokhoma ya kalabu ya okwera mapiri ya Mountain Club of Malawi imene amatsegula ndi mamembala okhala ndi kiyi, choncho ngati simuli membala musadalire kuti mukapeza poto, mbale kapena bulangete. Funsani pa ofesi ngati matiresi alipo, ndipo funsaninso ngati kuli gulu lina limene lasungitsa malo usiku umenewo. Kumapeto kwa sabata ndi nthawi ya holide magulu a sukulu ndi a mipingo amadzaza nyumbayi, ndipo wofika mochedwa amagona pansi pafupi ndi khomo pamene mphepo imalowera. Chapafupi pali nyumba ina yogona, France's Cottage, imene ingathandize mukafunsiratu.

Kuzizira ndiko kumene anthu ochokera ku Blantyre, Zomba kapena ku chigwa cha Shire amakupeputsa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi chisanu chimagwa pamwamba, udzu n'kuyera m'mawa. Ngati mulibe chofunda cha m'thumba chija cha oyenda m'mapiri, tengani mabulangete awiri pa munthu ndi choyala pansi, chifukwa kuzizira kwambiri kumalowera kunsi. Zovala zogonera zikhale zosiyana ndi zoyendera: juzi, thalauza lofunda, chipewa, ndi masokosi ouma. Zonsezi zikulungeni m'thumba la pulasitiki lolimba musanaziike m'chikwama. Thumba la feteleza lochapa bwino, lokhala ndi pulasitiki yake ya m'kati, limagwira ntchitoyi. Jinzi musavale. Ikanyowa imalemera, imakhula m'ntchafu, ndipo siuma ngakhale muiyanike pamoto usiku wonse. Nsapato zikhale zoti munaziyendera kale, za mapazi ogwira pansi. Zatsopano zimatulutsa matuza musanafike theka la Skyline, ndipo mukangomva kutentha pachidendene imani mumatepo pulasitala thuza lisanatuluke.

Pa chakudya, ganizirani za moto wa nkhuni ndi poto mmodzi kapena awiri. Kwa anthu awiri, theka la kilogalamu ya mpunga kapena ufa limakwana mgonero, koma tengani kilogalamu yathunthu popeza phiri limabweretsa njala ndipo pamoto simudya nokha. Ndiwo zikhale zopsa msanga: soya pisesi, usipa, mazira owiritsiratu, matimati anayi, anyezi awiri, mafuta m'kabotolo kotseka bwino, ndi mchere. Nyemba zouma zisiyeni kunyumba. Pamalo okwera chonchi madzi amawira asanafike madigiri 100, moti nyemba zimadya nkhuni za mlonda mpaka pakati pa usiku zisanafewe. M'mawa tiyi, shuga, buledi kapena phala. Za m'njira ndi mtedza, nthochi, mbatata yophika. Usiku chakudya chonse chipachikeni pa msomali kapena chitsekereni m'poto, apo ayi mbewa zigawana nanu buledi. Machesi akhale m'kajumbo, makandulo awiri, tochi ya munthu aliyense, ndi pepala la kuchimbudzi.

Madzi si vuto ku Mulanje, ndipo apa mumapepukidwa katundu. Malita awiri pa munthu amakwana pokwera, n'kumadzaza m'timitsinje. Madzi a pamwamba amaoneka oyera, komabe m'phirimo mumayenda anthu ambiri, choncho akumwa awiritseni kapena athireni mankhwala oyeretsera madzi. Mu Seputembala ndi Okutobala timitsinje tina ta pa Skyline timachepa, ndiye funsani gaidi malo otungira musanakhuthule botolo. Paketi ya Thanzi ORS, Panado ndi bandeji yomangira bondo kapena kakolo sizilemera. Pa nyumba palibe mankhwala oti mungadalire, ndipo munthu akathyoka mwendo amatsitsidwa pa machira ndi anthu, ulendo wa maola ambiri.

Nanga nkhalango? Apa ndi pamene mlendo ayenera kuuzidwa zoona asanalipire. Phirili linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, bungwe la United Nations la UNESCO linalilemba ngati malo osungirako zachilengedwe mu 2000, ndipo mu 2025 linalowa m'ndandanda wa malo a cholowa cha dziko lonse lapansi. Koma amene akuyembekeza kuyenda tsiku lonse pansi pa mitengo ikuluikulu akhumudwa. Chigwa cha Chambe, chimene kale chinali munda wa paini, tsopano n'chotseguka, cha udzu, zitsa ndi mitengo ing'onoing'ono. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima isanu ndi iwiri yokha. A bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anzawo akhala akubzala mbande, ndipo gaidi wabwino amakuonetsani pamene zamera. Nkhalango yothithikana yatsala m'makwawa ndi m'mbali mwa mitsinje, ndipo pa ulendo uwu muipeza kwambiri ku Chapaluka. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza timene mungatsatsidwe m'munsi musagule, chifukwa msika umenewo ndi umene unathetsa mtengowu.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ngati mwakonzekera kuzizira. Epulo ndi Meyi kumakhala kobiriwira, mathithi ali odzaza. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, kumachita utsi, ndipo moto wolusa umayaka m'udzu, choncho musasonkhe moto kwina kulikonse kupatula pa nyumba. Kuyambira Disembala mpaka Malichi miyala imaterera ndipo mitsinje siyodalirika. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anagumula nthaka m'malo ambiri a phirili, ndipo mvula yamphamvu iliyonse imatha kusintha powolokera, ndiye mapu a pa foni asakhale omaliza kulankhula.

Kukwera Chambe Peak musakuphatikize pa ulendo wa usiku umodzi pokhapokha muli olimba ndipo simuopa malo okwera. Pali malo oti mugwire thanthwe ndi manja, kupita ndi kubwera kumadya maola asanu kapena kuposerapo, ndipo mukatero mwatsala ndi kutsika konse kwa Chapaluka miyendo itatha kale. Ofuna nsongayo, kapena ofuna kuzungulira kudzera ku nyumba ina ya Lichenya Hut, awonjezere usiku wachiwiri, ndipo anene zimenezi pa ofesi asanakwere kuti chakudya cha gaidi ndi wonyamula katundu chiwerengedwe cha masiku atatu.